Fast: Liwu Limene Linaimiritsa Mpingo Wonse

 Lero sindiyamba ndi vesi monga timachitira masiku onse. Ndiyamba ndi kuulula cholakwa changa chakale, ndipo mukafuna kuseka sekani ndithu, ine ndinasekedwa kale.

Ndili mnyamata, ndisanapite ku sukulu ya ubusa, ndinali womasulira kutchalitchi kwathu. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndiye Chizungu chinkandiyabwa pakamwa. Tsiku lina kunabwera mlaliki wochokera kunja, bambo achikulire, Baibulo lawo la King James lothaitha m'makona. Anatsegula Agalatiya 5, n'kukweza dzanja, n'kufuula kuti, "Stand fast!" Ine osaganiza kawiri, ndinaponya mawu pamwamba: "Imirirani msanga!" Abale anga, mpingo wonse unadzambatuka. Mabenchi anagwa, amayi ana kumbuyo, agogo ena mpaka ndodo inawapulumuka. Mlaliki uja anadabwa pang'ono, koma anangoti mwina ndi Mzimu. Anabwereza mwamphamvu, "Stand fast!" Ine kuyang'ana, anthu aima kale. Ndinena chiyani? Ndinati, "Akuti munachedwa. Khalani pansi, muimirirenso." Anakhala pansi, n'kuimiriranso.

Titaweruka, aphunzitsi ena opuma ntchito anandikoka malaya kuseri kwa tchalitchi. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, mawu aja satanthauza kuimirira mofulumira. Amatanthauza kuti chirimikani, musasunthike, musagwedezeke." Ndinangoti kukamwa yasa. Mlaliki ankauza anthu kuti asasunthe, ine ndinawauza kuti adumphe. Liwu lake lomwelo, zilembo zinayi zokha.

Mwina wina akufunsa kuti, abusa, zalowa bwanji za Chingerezi pa pulogalamu ya Mawu a Mulungu? Zalowa chifukwa liwu limeneli linalowa kale m'nyumba mwathu osagogoda. Ana athu akuwerenga Baibulo la Chingerezi pa foni. Tikumvera alaliki a kunja pa TV. Kondakitala wa minibasi akuti, "Fast fast, mayi, tikuchedwa!" Mlongo wa mu kwaya akuti, "Musandipatse tiyi, ndili pa fasting." Kuchipatala akulembera pa kapepala kuti mawa ubwere fasting. Ndiye ngati liwu tikuligwiritsa ntchito pamsewu, kutchalitchi ndi kuchipatala komwe, koma tikulidziwa mbali imodzi yokha, tsiku lina lidzatigwetsa. Ine linandigwetsa pamaso pa mpingo, koma ena lawagwetsa moopsa kuposa pamenepo, ndipo ndifikako.

Tanthauzo limene aliyense amalidziwa ndi la liwiro. Usain Bolt wa ku Jamaica atathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, dziko lonse linati munthu uyu ndi fast. Galimoto yothamanga, fast. Chakudya chimene umangolipira n'kulandira pompo, tchipisi ndi nkhuku zija, fast food. Wotchi ikamasonyeza 10 koloko pamene nthawi yeniyeni isanakwane, Azungu amati wotchi imeneyo ndi fast, ife timati ikutsogola. Ana asukulu amene mukumvera, gwirani kamodzi aka: m'Chingerezi cha masiku ano sanena kuti fastly. Fast imakwanira yokha, kaya mukufotokoza galimoto, kaya mukufotokoza mmene ikuyendera.

Ndipo ngakhale m'tanthauzo la liwiro lomweli muli kafungo kena. Akati munthu ali ndi fast life sakumuyamikira ayi, akunena kuti ndi wachisawawa, lero kumowa, mawa kwa akazi. Akati he pulled a fast one akunena kuti wakuchenjerera, wakuponda uli maso, monga achitira anyamata a mafoni aja amene amakuimbira kuti wawina mphoto. Fast money ndiye ndalama zija zimabwera usiku n'kuchoka kusanache. Zimenezo sindichedwapo, mukuzidziwa kale, ena mpaka muli ndi zipsera zake.

Chimene ambiri sitidziwa ndi chakuti tanthauzo la liwiroli ndi mwana wamng'ono m'banja la liwu limeneli. Si chisamba ayi. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, m'Chingerezi chakale cha ku England, liwu limeneli linkatanthauza chinthu cholimba, chokhazikika, chomangika, chosasunthika. Mzati wozikika bwino unali fast. Chitseko chopiringidzidwa chinali fast. Linga losagonjetseka linali lotero. Mukundimva? Liwu limene lero timalidziwa ndi kuthamanga linabadwa ndi tanthauzo la kusasuntha.

Abale athu amene anakhalako ku South Africa angandichitire umboni. M'chilankhulo cha Afrikaans, chimene ndi chachibale ndi Chingerezi, muli liwu lakuti vas. Akati hou vas akunena kuti gwiritsa, usataye. Liwu lomwelo vas amaligwiritsanso ntchito ponena za kusala kudya. Koma akafuna kunena za liwiro ali ndi liwu lina, vinnig. Ajeremani nawonso amati fest ponena chinthu cholimba, fasten ponena kusala kudya, koma kuthamanga ali ndi liwu lake lapadera. Ndiye kuti abale a Chingerezi anasunga tanthauzo lamakolo, Chingerezi ndiye chinapita patsogolo n'kuberekapo lina.

Nanga zinatheka bwanji kuti kulimba kusanduke liwiro? Apa musavutike kupita ku England, yankho lili pakamwa panu pomwepo. Mbava ikapulumuka pamsika timati chiyani? Timati inathamanga zolimba. Mvula yagwa zolimba. Mnyamata uja wadya zolimba. Kodi kuthamanga kumalimba ngati mwala? Ayi, koma tonse timamva kuti munthuyo anathamanga mwamphamvu, mosalekeza, mosatembenuka. Azungu akale anachitanso chimodzimodzi. Ankati munthu wathamanga fast kutanthauza kuti wathamanga zolimba. Tsono wothamanga zolimba ndi yemweyo wothamanga kwambiri. Pakupita kwa zaka mazanamazana, anthu anazolowera kumva liwiro m'liwu lija, mpaka ambiri anaiwala kuti poyamba linali la kulimba. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndinaseka ndekha m'kalasi, chifukwa ndinaona kuti agogo anga osapita kusukulu akanatha kuwafotokozera Azungu chilankhulo chawo chomwe.

Komatu tanthauzo lakale lija silinafe. Likadali moyo, langobisala m'makona. Mukakwera ndege kapena basi yabwino mumaona palembedwa fasten your seat belt. Sakunena kuti lamba athamange, akunena kuti mangani lamba alimbe. Amalinyero akamangirira sitima padoko ndi zingwe zikuluzikulu zija, monga muonera Ilala ikakocheza ku Nkhata Bay, Chingerezi chake ndi make fast. Akati fast friends, sakunena mabwenzi opezana dzulo, akunena mabwenzi a ponda apa nane m'pondepo. Akati lamulo ndi hard and fast ndiye kuti n'losapindika, palibe kunyengerera. Liwu lija timalikonda m'mapemphero, steadfast, ndi mawu awiri olumikiza: stead ndi malo, fast ndi kulimba. Munthu wolimba pamalo pake.

Amayi a chigwirizano, ili ndi lanu. Mukamagula nsalu n'kumva wogulitsa akulumbira kuti iyi ndi fast colour, kapena mwaona palembedwa choncho, musaganize kuti mtundu wake uchoka msanga. Akutanthauza zosiyana ndi zimenezo. Akuti ndi yosasuluka, utoto wake unagwira, muchape ndi sopo, muyanike padzuwa, ikhalabe momwemo. Kaya wogulitsayo akunena zoona kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ina, mudzaidziwa pa kuchapa koyamba.

Ndipo inu amene munayezetsapo makhololo kuchipatala, mwina munaona zilembo zitatu pa pepala lanu, AFB. Chilembo chapakaticho, F, ndi fast yomweyi. Mawu onse ndi acid-fast bacilli. Kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu, kamene Robert Koch analengeza kuti wakapeza pa 24 March 1882, kali ndi khungu lokhala ngati phula. Akapaka makhololo pa kagalasi amathirapo utoto wofiira, kenako amatsuka ndi asidi. Tizilombo tina tambiri timasuluka, koma ka TB kamakakamira utoto uja, ndipo akayang'ana pa makina amakaona kali psuu. N'chifukwa chake amakatcha acid-fast, kosasuluka ndi asidi. Chodabwitsa n'chakuti kachilombo kameneka ndi kamodzi mwa tizilombo tochedwa kwambiri kuswana. Kali fast, koma sikathamanga. Kamangokakamira, n'chifukwa chake mankhwala ake amatenga miyezi 6, ndipo wosiyira panjira amadziputira mavuto.

Tsopano tiyeni ku Baibulo, chifukwa kumeneko ndi kumene ine ndinagwera. Baibulo la King James linatuluka mu 1611. Chingerezi chake n'cha nthawi imeneyo, pamene tanthauzo lakale linali lidakali lamphamvu. Ndiye mukakumana ndi fast mmenemo, musathamangire kuganiza za liwiro. Malo amene likutanthauza kufulumira alipo, monga pa Ezara 5:8 pamene akusimba za ntchito yomanga kachisi kuti ikuyenda mwachangu, koma ndi ochepa. Malo ambiri ndi kulimba kapena kusala kudya.

Tengani Yona. Namondwe wavuta, amalinyero akutaya katundu m'nyanja, aliyense akuitana mulungu wake, mneneri ali pansi pa ngalawa fast asleep. Ndinamvapo mnyamata wina akulalikira kuti Yona anagona msanga, kusonyeza kuti wothawa Mulungu amatopa msanga. Ulaliki wake unali wokoma ndithu, anthu anaomba m'manja, koma si zimene zalembedwa. Mawuwo akutanthauza tulo tofa nato, tulo togwira munthu mpaka osamva mafunde. Ndi mawu omwewo akunenedwa za Sisera pa Oweruza 4:21, pamene Yaeli anamuyandikira ndi chikhomo cha hema ndi nyundo. Tulo timeneto tinamuphetsa. Pa Oweruza 16, Samsoni akunamiza Delila za zingwe zatsopano, fast ndi kumanga kolimba. Pa Machitidwe 16:24, woyang'anira ndende ku Filipi akupanikiza mapazi a Paulo ndi Sila m'matabwa omangira akaidi, liwu lake ndi lomweli. Mapazi amenewo sanali othamanga, anali oti sangasunthe n'komwe. Ndipo hold fast imene mumaipeza pa 1 Atesalonika 5:21, pa Ahebri 10:23 ndi pa Chivumbulutso 3:11 si kutsomphola chinthu mwachangu ngati mphamba. Ndi kugwiritsa, kukakamira, mmene mwana amagwirira chitenje cha mayi ake pa depoti.

Pali kena kokoma m'buku la Rute, mutu 2. Boazi akuuza Rute kuti asapite kukakunkha m'munda wina, ndipo King James akugwiritsa ntchito mawu akuti fast by ponena za kukhala ndi atsikana ake antchito. Pamenepo tanthauzo ndi pafupi, kuphatikana nawo, osatalikira. Mukuona mmene likuyendera? Chinthu chomangika ku chinzake chimakhala pafupi nacho. Muzu ndi umodzi, nthambi zikungophuka.

Tafika pa nthambi imene ikutikhudza kwambiri ife a Pentekoste: fast ya kusala kudya. Akatswiri a zilankhulo amati nayonso inachokera ku muzu womwewo wa kulimba. Kusala kudya kunali kusunga lamulo molimba, kudzigwira, kudzimanga. Ndipo ganizo limeneli si la Azungu okha. M'Chiswahili kusala kudya amati kufunga, liwu lomwelo la kumanga kapena kutseka. Anzathu Achisilamu kuno kwathu m'mwezi wa Ramadan mumawamva akuti amanga, dzuwa likalowa akuti akukamasula. Breakfast imene ana athu amaitchula m'mawa uliwonse ndi mawu awiri, break ndi fast, kuthyola kusala. Usiku wonse sunadye, m'mawa ukumasula. Ndiye ngakhale uja amati ine sindinasalepo chibadwire, amasala usiku uliwonse, kungoti amasala ali m'tulo.

Ndikufuna mutsegule Machitidwe 27, chifukwa m'mutu umodzi umenewu liwu lathu likutuluka katatu, ndipo palibe ngakhale pamodzi pamene likunena za liwiro. Paulo ndi mkaidi, akupita naye ku Roma pa ngalawa. Afika pa doko lina la pachisumbu cha Krete. Pa vesi 9 Luka akuti ulendo unali utayamba kuopsa chifukwa the fast inali itapita kale. Wowerenga mothamanga angaganize kuti ngalawa yothamanga inali itawasiya. Ayi. Akunena Tsiku la Chitetezo, tsiku limene Ayuda onse amasala kudya, limene limagwa mu September kapena October. Luka akuligwiritsa ntchito ngati kalendala, monga ife tinganene kuti Khirisimasi itapita. Nyengo imeneyo ikadutsa, nyanja ya Mediterranean imayamba ukali, ndipo ngalawa za masiku amenewo zinkakocheza kudikira kuti nyengo yozizira ithe. Paulo anawachenjeza. Koma mwini ngalawa ndi woyendetsa anali ndi changu chawo, kenturiyo anamvera iwo, ananyamuka.

Namondwe anawatenga. Pofika pa vesi 33 papita masiku 14, anthu 276 ali m'ngalawa, ndipo King James akuti anali fasting. Koma kumeneku sikunali kusala kwa mapemphero. Kunali kusadya kwa mantha, kwa nseru, kwa anthu otaya chiyembekezo. Ndipo taonani chimene munthu wa Mulungu anachita. Sanawauze kuti onjezerani masiku ena 7 kuti Mulungu aone kuti tatsimikiza. Kunja kukucha, anawadandaulira kuti adye, chifukwa anafunika mphamvu zoti apulumukire. Anatenga mkate, anayamika Mulungu pamaso pa onse, ananyema, anadya. Imeneyo ndiye breakfast yeniyeni, mwa tanthauzo lake lonse. Kenako pa vesi 41 ngalawa inatsakamira pamchenga, kutsogolo kwake kunali stuck fast, kosasunthika, kumbuyo kukuphwasuka ndi mafunde. Onse anafika kumtunda pa chisumbu cha Melita, chimene lero ndi Malta, ena posambira, ena pa matabwa. Akanakhala kuti sanadye, mukuganiza akanasambira ndi chiyani?

Apa ndiye ndilankhule monga m'busa, ndipo ena mukhumudwa. Pali chiphunzitso chimene chafala, ndinachimva pa TV, ndinachimva pa misonkhano ya usiku, nanenso ndinachinenapo ndili wamng'ono mu utumiki. Amati imatchedwa fast chifukwa imapangitsa Mulungu kuyankha fast. Mpingo umakuwa, Ameni! Zimakoma m'khutu. Koma abale, ndi masewera a mawu a Chingerezi basi. Mose sanalankhule Chingerezi. Yesu sanalankhule Chingerezi. M'Chihebri liwu la kusala kudya ndi tsom, m'Chigiriki ndi nesteia, limene limangotanthauza kusadya. Onse awiri alibe chibale chilichonse ndi liwiro. Ngakhale m'Chingerezi momwemo, taona kale kuti fast ya kusala sinachokere ku kuthamanga. Ndipo ndinene chilungamo: nanenso sindingamange chiphunzitso pa muzu wa kulimba uja, chifukwa nawonso ndi wa Chingerezi. Mbiri ya liwu imatithandiza kumva liwulo, siilowa m'malo mwa Malemba.

Tsono Malembawo akuti chiyani? Danieli, pa mutu 10, anakhala masabata atatu osadya zonona, osadya nyama, osamwa vinyo. Mngelo atafika anamuuza kuti pemphero lake linamveka kuyambira tsiku loyamba, koma yankho linatenga masiku 21. Kusala sikunafupikitse ulendo wa mngelo. Kunamusunga Danieli pamalo pake mpaka yankho litamupeza. Davide, pa 2 Samueli 12, anasala kudya n'kugona pansi chifukwa cha mwana wake wodwala, ndipo pa tsiku la 7 mwanayo anamwalira. Davide anadzuka, anasamba, anakapembedza, anadya. Sananene kuti Mulungu wandibera. Estere anasala masiku atatu pamodzi ndi Ayuda a mu Susani, ndipo atalowa kwa mfumu sanathamangire kunena pempho lake. Anakonza phwando, kenako linanso mawa lake. Musandimve molakwa. Ine ndimasala, mpingo wathu umasala, Ambuye Yesu anasala masiku 40, ndipo pa Mateyu 6 anaphunzitsa ophunzira ake mmene azisalira. Chimene ndikukana ndi kusandutsa kusala kukhala chiphuphu cha kumwamba, ngati ndalama ija anthu amapereka pa ofesi kuti fayilo yawo idumphe mzere.

Chiphunzitso chimenechi chimavulaza anthu. Munthu wasala masiku atatu, ntchito sinapezeke. Akuti ndiye kuti sindinaponde mokwanira, aonjezera 7. Sizinatheke, akuti tsopano dry, osamwa ndi madzi omwe. Pamapeto pake thupi lafooka, chikhulupiriro chafooka, akuti Mulungu amakondera. Mu mpingo wina umene ndinatumikirako tinali ndi mayi okhulupirika kwambiri, odwala shuga. Titalengeza kusala kwa kumayambiriro kwa chaka, iwo anasala nafe, koma mankhwala otsitsa shuga ankamwabe, m'mimba mulibe kanthu. Tsiku lachitatu anagwa mu tchalitchi, thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, akulankhula zosamveka. Ena anayamba kudzudzula ziwanda. Mulungu anatichitira chifundo kuti panali mlongo wina namwino, amene anafuula kuti bweretsani shuga ndi madzi, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. Anachira. Koma ine usiku umenewo sindinagone, chifukwa wolengeza kusala uja ndinali ine, ndipo sindinachenjeze aliyense. Kuyambira pamenepo ndimanena poyera, ndipo ndikunenanso pano pa wailesi: odwala shuga, amayi oyembekezera, oyamwitsa, amene muli pa ma ARV, pa mankhwala a TB kapena a BP, musasiye mankhwala ndipo musayambe kusala musanalankhule ndi achipatala. Mulungu sawerenga mbale za nsima zimene mwadumpha.

Ndipo poti tatchula zachipatala, akakulemberani kuti mubwere fasting kudzayezetsa shuga, sakukutumani kuphiri. Akungotanthauza kuti musadye kanthu kwa maola pafupifupi 8, kawirikawiri kuyambira usiku mpaka m'mawa, kuti magazi asonyeze shuga wanu weniweni. Madzi akumwa amaloledwa. Tiyi wothira shuga ayi, ngakhale mutamupempherera.

Wina anganene kuti Chingerezi n'chilankhulo chosokoneza, liwu limodzi matanthauzo khumi. Musafulumire kuchiweruza, chathuchi n'chimodzimodzi. Mtengo ndi uja timakhala pamthunzi pake, mtengo ndi uja timanenerera pamsika. Kudula ndi kwa mpeni, kudula ndi kwa feteleza. Nsima yapsa, mango apsa, nyumba yapsa, mtima wapsa: ziwiri mukondwera, ziwiri mulira. Mlendo wophunzira Chichewa amalira nazo zimenezi monga ife timalirira ndi fast. Ngakhale liwu lathu lakuti kusala lili ndi nkhope ziwiri. Timasala chakudya, komanso timasala anthu: wodwala, wamasiye, wamtundu wina. Aka ndikadziwa kuti nakonso ndi kamasewera ka mawu, koma apa Yesaya 58 akundiikira kumbuyo, chifukwa mneneri akudzudzula anthu amene ankasala kudya uku akupondereza antchito awo ndi kukangana mpaka kumenyana, n'kumadabwa kuti Mulungu sakuwaona. Mutu umenewo tidzaufukula padera, lero ndangoukhudza.

Nanga tingadziwe bwanji tanthauzo loyenera tikakumana nalo liwuli? Aphunzitsi aja anandipatsa njira imene ndikuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Anati liwu lili ngati mwana wa m'mudzi, umamudziwa poona amene akuyenda naye. Fast ikayenda ndi run, drive, walk, grow, ndi liwiro. Ikayenda ndi hold, stand, stick, bind, make, asleep, ndi kulimba. Ikayenda ndi pray, kapena akati a fast, the fast, proclaim a fast, ndi kusala kudya. Ndipo he is fast ndi he is fasting ndi anthu awiri osiyana: woyamba simungamupeze pa mpikisano, wachiwiri mungamupitirire mukuyenda.

Anandiuzanso china chimene chinandichititsa manyazi kuposa choyamba. Anati, "Baibulo la Chichewa unali nalo m'manja. Bwanji sunatsegule?" Zoonadi, Buku Lopatulika linali kukhwapa kwanga nthawi yonseyo. Anthu anakhala pansi zaka zambiri kulimasulira mpaka linatuluka mu 1922, Buku Loyera linabwera mu 1998, ndipo onsewo analimbana kale ndi vesi limene ine ndinkalimasulira ndi mutu wanga m'kamphindi kamodzi. Ndikanangoyang'ana pa Agalatiya 5:1 m'Chichewa, agogo aja ndodo sikanawapulumuka. Ndiye inu omasulira a m'mipingo, ntchito yanu ndi yolemera kuposa mmene anthu amaionera. Mlendo akabwera, mufunseni mavesi ake mapemphero asanayambe, muwawerenge m'zilankhulo zonse ziwiri. Akatchula vesi, werengani la Chichewa, musapeke lanu. Akanena liwu limene simukulimvetsa, mufunseni pomwepo abwereze m'mawu ena. Mpingo sudzakusekani chifukwa chofunsa. Ine unandiseka zaka zitatu chifukwa chosafunsa, mpaka ana ankati akandiona pamsewu amaimirira n'kukhala pansi.

Mnyamata wa pa makina akundikodola kuti nthawi yatha, ndipo wotchi yake ndikuidziwa, siitsogola. Sabata ino kawerengeni Machitidwe 27 yense, m'Chichewa ndi m'Chingerezi ngati muli nawo onse awiri, mudule mzere pansi pa malo atatu aja, vesi 9, vesi 33 ndi vesi 41. Omasulira a m'nthambi zathu zonse, tikumane Loweruka 9 koloko m'mawa, aliyense abwere ndi Mabaibulo ake awiri ndi kope. Mudye kaye musananyamuke.